Katundu wa a Kasoma pa Phiri la Munali

M'Chawama monse munalibe munthu amene sankadziwa kuti a Kasoma satha kukwera njinga yopanda katundu. Sindikunena kuti sankafuna ayi, ndikuti sankatha. Mukawapatsa njinga yopanda kanthu pa kaliyala, ankapalasa pang'ono chabe, njinga n'kuyamba kudzandira ngati ikuchokera kumowa, kenako munthu wamkulu wa imvi zake uyo ali chagada m'ngalande. Koma muwamangire matumba a makala, bedi, mbuzi ndi chitseko pamwamba pake, ankadutsa pakati pa maminibasi akuimba mluzu, dzanja lina likupereka moni kwa anthu.

Ine ndine telala, shopu yanga ili pafupi ndi msika, ndipo mkuluyu ndinamudziwa zaka zambiri. Anabwera mu Lusaka ali mnyamata kuchokera ku Mporokoso, n'kuyamba ntchito yopikula makala kumidzi. Anzawo ankapita kumidziko njinga zili zopanda kanthu, n'kubwerako atasenza. A Kasoma ankati kumeneko n'kuwononga matayala. Popita ankanyamula mchere, sopo, malata ndi zovala zakaunjika zimene kuno timati salaula, pobwera makala. Anachita zimenezi mpaka thupi lawo linaiwala kuti njinga payokha imayenda bwanji.

Lamlungu ankavala suti ndi tayi, Baibulo m'thumba la jekete, koma pa kaliyala pali mabuloko a simenti omangidwa bwinobwino ndi malegeni. Tsiku lina abusa atsopano anawaona akufika, n'kuwathamangira mosangalala.

"Ba Kasoma, mwabwelesa vomangila chechi? Mulungu akudaliseni!"

"Awe, ba busa. Aba ni banzanga chabe. Tizabwelela pamozi."

Nkhani imene anthu amaikonda kwambiri ndi ya Kabaso, wowotcherera zitsulo. Loweruka lina m'mawa a Kasoma ankafuna kupita ku Kamwala, koma anazungulira makomo onse osapeza choti anyamule. Kenako anaona Kabaso ali m'tulo pansi pa mtengo pafupi ndi bala, mowa wa dzulo usanamutuluke. Anamunyamula, kumukhazika pa kaliyala, kumumanga ndi malegeni m'chiuno, ulendo n'kuyambika. Kabaso anadzidzimuka ali pakati pa masitolo a ku Kamwala, anthu atamuunjirira.

"Ba mudala! Nafika bwanji kuno?"

"Nkala zii, iwe. Katundu sakamba."

Choipa n'chakuti pobwerera a Kasoma anapeza katundu wabwino kuposa Kabaso, thumba la mpunga la mayi wina. Kabaso anabwerera ku Chawama wapansi.

Tinkaseka, koma zaka sizimaseka. Chaka china nthawi ya mvula anakatula thumba la ufa ku komboni ya John Howard, n'kusowa chobwerera nacho. Mitambo inali itada, ndiye anati angoyesa mwayi. Anawatola m'ngalande fupa la paphewa litathyoka, pamphumi pofunika kusoka. Mwana wawo Philomena, mayi wathupi lake amene amagulitsa nsomba za kapenta ku msika wa Soweto, ndipo akalankhula amamveka mizere yonse, sanachedwe. Anatenga njinga ija, kuilowetsa m'nyumba mwake, n'kuimangirira ku zitsulo za pawindo ndi tcheni ndi loko.

"Tata, va njinga vasila," anatero. "Ine nakana kukamitengani ku mochale."

Kunena zoona, Philomena sanalakwe. Koma zimene zinatsatira sindikufuna kudzazionanso pa munthu. Phewa linapola, mwiniwake n'kuyamba kufota. Ankabwera kushopu kwanga wapansi, akuyenda motangadza ngati munthu amene wangotsika m'basi ya ulendo wautali, n'kukhala pabenchi tsiku lonse. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawalola kuti aziponda makina anga osokera ine ndikuwongolera nsalu. Ankawapalasa ngati akuthawa mvula. Singano zinathyoka, ulusi unapota, ndipo thalauzi la kasitomala wina linatuluka lili ndi mwendo umodzi waukulu. Ndinawaletsa. Tsiku limenelo anapita kunyumba osatsanzika, ndipo ine nsima sinandilowe.

Tsono ife tili ndi kagulu kathu ka njinga, amuna ochepa a m'komboni amene tinagula njinga zakale za mpikisano, za matayala opyapyala ngati chala. Wapampando ndi Nkole wometa tsitsi, Kabaso alimo, inenso ndilimo. Zovala zathu zothina ndinasoka ndine, ndipo akazi athu akationa titavala amaitana anzawo kuti adzaseke nawo. Chaka chilichonse mvula ikatha timachita ulendo umodzi wautali. Chaka chimenecho tinapangana zokakwera phiri la Munali, kupitirira Kafue pa msewu wa ku Mazabuka, pamene malole amakwera ngati akukwawa.

A Kasoma anamva tikukambirana pabenchi paja. Mawa lake anandikoka dzanja kuti ndiwaperekeze kwa mwana wawo.

"Philo, mwana wanga, nipase njinga siku imozi chabe. Niyenda na aba ku Munali. Nikafika pamwamba, njinga ni yanga. Nikagwa, olo nikaseluka pa njila, ukagulise. Sinizakambapo futi."

Philomena anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Pa Munali, Tata? Imwe simuzafika na pa Chilanga!"

"Ndiye uyopa chani?"

Philomena anasiya kuseka. Ndikuganiza kuti anali atatopa ndi nkhope ya bambo ake yamaliro ija, ndipo anaona kuti apa nkhani ithera pomwepo. "Ba telala, mwamvela? Ndimwe mboni. Bakagwa chabe, yasila."

Tinanyamuka Loweruka lina la mwezi wa Meyi, m'mawa kukuzizira moti zala zinkakana kugwira mabuleki. A Kasoma anafika atavala jekete lawo lakale ndi chipewa cha ubweya, thalauzi atalilowetsa m'sokosi. Pa kaliyala panali thumba lalikulu la mchenga, lomangidwa mwaluso. Kumbuyo kwathu kunali Philomena m'minibasi ya mwamuna wake, atachotsa mipando ina n'kuyalamo matiresi. Sanabise kuti matiresiwo ndi a ndani.

Ulendo wa tsiku limenelo sindidzauiwala. Udzu wa m'mbali mwa msewu unali utayamba kufiira, kumwamba kuli mbee, kamphepo kakutiwomba kumaso kuyambira ku Makeni. Azimayi anali atayala mbatata, mtedza ndi nzimbe. Ife a matayala opyapyala tinkathamanga ngati anyamata, n'kukaima patsogolo malilime ali kunja. Tisanapume mokwanira, tinkamva kwii, kwii, kwii, a Kasoma akubwera ndi liwiro lawo limodzi lomwelo, losakwera, losatsika.

"Mwalema, baiche?" ankatero podutsa, ngati akufunsa tiana, osatembenuka n'komwe.

Tinadutsa Chilanga ndi fumbi lake la simenti. Pamenepo mkuluyo anakweza chipewa kulozetsa ku minibasi, ndipo Philomena anatseka windo. Tinadutsa Kafue, kuwoloka mlatho, n'kukhota pamphambano pamene msewu wa ku Chirundu umapatukana ndi wa ku Livingstone. Koma pofika m'tsinde mwa Munali dzuwa litapendeka, aliyense ankaona kuti a Kasoma atha. Milomo inali itatuwa, mpweya ukutuluka ndi kamluzu. Pamalo opumira amene tinapangana, anatsamiritsa njinga pamtengo, kugona pamthunzi, chipewa kumaso.

Ine ndinapita kukagula nthochi kwa azimayi a tsidya la msewu. Ndikanakhalapo, zimene zinachitikazo sizikanachitika, chifukwa pali chifundo china chofunika kuchimenya mbama. Nkole anayang'ana phiri, kuyang'ana thumba, kuyang'ana mkulu wogonayo, misozi n'kulengeza. Anaitana Kabaso.

"Boi, uyu mudala azafela pa chulu ichi. Tiye timutandize."

Anamasula thumba lija mwakachetechete, kukhuthula mchenga wonse kuseri kwa chitsamba, kulidzaza ndi udzu wouma mpaka litafufuma ngati poyamba, n'kulimanganso. Amuna aakuluakulu, amene anakhala ndi a Kasoma zaka zonsezi, amene mmodzi wa iwo anakhalapo katundu mpaka ku Kamwala! Mpaka lero ndikawafunsa chimene ankaganiza, amangokanda m'mutu.

Itakwana nthawi yonyamuka, Nkole anathamangira kukagwira njinga ija mwaulemu. "Kwelani, ba mudala, namigwilila." Anawakankha pang'ono, n'kuwasiya.

Poyamba nkhope ya a Kasoma inawala. "Ala! Mpamvu zabwela!" anakuwa. Kenako tayala lakutsogolo linapita kumanzere, lakumbuyo n'kukana. Njinga inapita kumanja, inabwerera, inazungulira ngati ikufuna kuona amene akuitsatira, ndipo mkulu uja anakagwera mu udzu, miyendo m'mwamba. Thumba linang'ambika pamwala, udzu uli mbwee.

Palibe anaseka. Philomena anatsika m'minibasi akuthamanga, kuwagwiragwira m'mapewa ndi m'mutu. Atapeza kuti angosupuka pachigongono, anaimirira n'kupukuta manja pachitenje.

"Mwagwa, Tata. Yasila. Ikani njinga mu basi."

A Kasoma anakhala pansi, anatola udzu wa m'thumba muja, n'kumauyang'ana m'manja mwawo. Nkole anagwada pafumbi ndi zovala zake zothina zija.

"Ni ine, ba mudala. Nenze nifuna kumipepukisila. Ba Philo, mulandu ni wanga, osati wa bena."

"Ine nilibe nazo nchito," anatero Philomena. "Kugwa ni kugwa. Ba telala, simunali mboni imwe?"

Ndinali mboni, ndipo mawu anali omwewo. Madzi akatayika saoleka. Ndinayembekeza kuti a Kasoma akalipa, kapena atemberera Nkole mpaka kwa agogo ake. Sanatero. Anadzuka pang'onopang'ono, kudzisasa fumbi, kudzutsa njinga yawo, kuwongola chishalo chimene chinapotoka, n'kuyamba kuikankha okha kupita ku minibasi. Atafika pachitseko anaima, n'kupukuta belu ndi mkono wa jekete.

"Ukagulise kuli muntu wamene azayamba kuisenzesa," anatero motsitsa mawu. "Siizolowela kuyenda chabe."

Ine ndinayang'ana kumbali. Nditatembenuka, ndinaona Philomena akumanga chitenje chake molimba m'chiuno. Analanda njinga ija m'manja mwa bambo ake, kuitembenuza kuti iyang'ane kuphiri, kuchotsa thumba long'ambika lija n'kuliponyera Nkole kumaso. Kenako anakhala pa kaliyala chammbali, thupi lake lonse lija. Tayala lakumbuyo linadandaula.

"Kwelani," anatero. "Nalema kumitambila pa windo. Ngati ni kugwa, tigwe tonse, nione na menso yanga. Koma nikaika mwendo pansi, ninshi yasila zoona."

A Kasoma anazungulira njinga, kutsina tayala, kusuzumira masipoko, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mbuzi yonenepa pamsika.

"Uyu ndiye katundu," anatero.

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Tinakwera njinga zathu n'kuyamba phiri, iwo patsogolo, ife pambuyo ngati operekeza mkwati. Njinga ija inayenda mowongoka ngati aijambula ndi rula. Koma kuchedwa kwake! Mayi wina wosenza nkhuni anatipitirira wapansi, n'kutipatsa moni, n'kutisiya. Malole ankatidutsa akufuka utsi, madalaivala akuliza mahutala, ena akukuwa kuti mudala wabera mkazi wa mwini. A Kasoma sankamva chilichonse. Anaimirira pamapedulo, mutu pansi, mitsempha ya m'khosi ili njo, thupi likupita uku ndi uku.

Munali ndi phiri lachinyengo. Ukaona ngati wafika, msewu umakhota n'kukuonetsa chitunda china. Pa chitunda chachiwiri Kabaso anatsika n'kuyamba kukankha njinga yake. Patsogolo pang'ono inenso ndinatsika, ndipo sindichita nazo manyazi, maondo ndi anga. Kukankhako sikunatisiyanitse nawo, chifukwa liwiro lawo linali la munthu woyenda pansi. Nkole yekha anakakamira pambuyo pawo, akulira, akutambasula dzanja kuti akankheko kaliyala.

"Ukagwilako chabe, nizakuluma!" anatero a Kasoma osacheuka. Mawuwo anatuluka limodzilimodzi.

Zimene zinachitika pa chitunda chomaliza anandiuza Philomena mwiniwake patapita nthawi. Akuti anali atawagwira m'chiuno, ndipo m'manja mwake munalibe munthu, munali nthiti zokhazokha. Khutu lake linali pamsana pawo, ndipo ankamva chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Anachita mantha. Anaganiza kuti bambo ake afera m'manja mwake chifukwa cha njinga yakale, ndipo anthu adzati mwana wake ndiye anamupha ndi thupi lake. Njinga itatsala pang'ono kuima, anayamba kutsitsa mwendo. Patapata wake anali atatsala pang'ono kukhudza phula.

A Kasoma anamva katundu akusuntha. "Mayo," anatero, "nipapata. Bweza mwendo."

Akuti chibadwire bambo ake anali asanamupemphepo kanthu ndi mawu otere. Anabweza mwendo, kutseka maso, n'kuyamba kukuwa ndi mawu ake a kumsika aja: "Chovani, Tata! Chovani!" Ife pambuyo tinalandira. Mayi wa nkhuni uja, amene anali atatula mtolo wake pamwamba, anayamba kululutira. Pedulo linatsika, linzake linakwera, linaima m'mwamba nthawi yaitali moti ndinasiya kupuma, kenako linatsika. Msewu unagona.

Pamwamba pa Munali palibe chodabwitsa, pali miyala, udzu wouma ndi chigwa cha Kafue chili tambalale kutali. Tinathamangira kukagwira njinga Philomena asanatsike. A Kasoma sanathe kutsika, miyendo inali itauma. Tinawanyamula ali chopindika ngati mpando n'kuwakhazika pamwala. Panapita nthawi asanapeze mpweya wolankhulira.

"Philo. Nafika olo sininafike?"

"Mwafika, Tata."

"Manje njinga ni ya ndani?"

"Ni yanu." Ankapukuta m'maso ndi chitenje, akunamizira utsi wa malole.

Kenako mkuluyo anakodola Nkole, amene anabwera atagwira chipewa m'manja, akuyembekeza chiweruzo.

"Iwe, pobwelela ukawole muchenga wanga wonse. Nenze nabweleka chabe kuli ba neba, bamanga chimbuzi."

Nkole anawoladi mchenga uja ndi manja, ife tikumudikira m'minibasi. Tonse tinabwerera pagalimoto, njinga zili pamwamba, kupatula imodzi. Ya a Kasoma inagona pamatiresi, eni ake atakhala pambali pake.

Philomena sanabweze mawu ake, koma anaika lamulo. Anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti bambo ake asadzapezeke pamsewu opanda katundu, popita kapena pobwera, ndipo amene adzawalole kuchoka pakhomo pake chimanjamanja adzaonana naye. Philomena akalankhula, anthu amamva. Kuyambira pamenepo aliyense ankasunga kanthu pageti: chigubu cha madzi chopita kwa apongozi, batire yokatchajitsa, thumba la chimanga lopita kuchigayo. M'mawa ukamva kwii, kwii, unkadziwa kuti uyenera kutuluka ndi chinachake. A Kasoma anayenda choncho zaka zingapo, ndipo sanagwenso.

Chinawatenga ndi chifuwa chomwe chija, m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Anadwala masiku ochepa, n'kupita ali pabedi pawo, Philomena ali pambali. Ife a kagulu ka njinga ndife tinanyamula bokosi. Titalikweza tinayang'anana, chifukwa linapepuka ngati mulibe munthu. Kabaso analephera kudzigwira.

"Vonse vija benze kunyamula na tupi iyi?" anatero, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Chawama sichinasinthe kwenikweni. Maminibasi akuimbabe mahutala, ngalande zikudzazabe, ine ndikusokabe. Koma m'mawa mumakhala zii wina amene sindinamuzolowere, ndipo ndimawasowa kwambiri mkulu uja. Anthu anachotsa zigubu ndi matumba awo pamageti, aliyense anayambanso kusenza zake pamutu.

Patsala geti limodzi. Pali gogo wina wamasiye kuseri kwa msika, amake Nsofwa, amene analibe chilichonse chotumiza kwa munthu aliyense. Lamulo la Philomena litabwera, iwo anatola miyala n'kudzaza kathumba, kuti a Kasoma akasowa katundu kwina konse asamasowe pakhomo pawo. Kathumbako kakadali pomwepo. Kanang'ambika ndi dzuwa, ndipo udzu wamera pakati pa miyala. Sabata yatha mdzukulu wawo wina ankasesa pabwalo, n'kukagwira kuti akataye. Ndinali kudutsa, ndipo ndinamva mawu a gogoyo kuchokera m'nyumba.

"Siya, iwe! Ivo vili na mwine wake."